Mbale ya Pakati

Madzi a Mekong akwera sabata ino.
Ana abwera pa bwato, nsapato zili m'manja,
ndipo Khoa wafika mochedwa ngati dzulo,
kabudula atanyowa mpaka m'chiuno.

Ndakhuthulira pa tebulo timitengo tansungwi
tomwe ndinasema ndekha pa tchuthi,
ndi timphira tomangira ndiwo
tomwe mlongo wanga amatola kumsika wa pamadzi.
Werengani khumi, ndawauza, kenako mumange.
Tikakwana khumi sitiyendanso tokhatokha,
timasanduka mtolo, n'kusamukira kumanzere.

Timitengo tili gobedegobede pa matabwa.
Dieu akuwerenga ndi milomo yokha, mawu osatuluka.
Lanh wamanga tisanu ndi tinayi
poganiza kuti mphira ubisa mlandu;
ndamumasulira mtolowo iye akuona,
waseka, nkhope wabisa m'chigongono.
Kamphira kena kaduka, kakalasa Phuc pa khutu,
ndipo masamu ayamba aima
mpaka misozi itauma.

Mitolo khumi taikulunga ndi ulusi wofiira.
Zana limenelo, ndatero.
Aliyense akufuna kulinyamula,
manja awiri, ngati mwana wa eni.

Tsono ndati: zana limodzi ndi zitatu,
yalani pa tebulo, mukatero mulembe.

Khoa wayala bwino lomwe:
chimtolo kumanzere, timitengo titatu kumanja,
pakati thabwa lokhalokha.
Koma pa sileti walemba 13.
Ndamuloza ndi choko. Iye osagwedezeka.
"Pakatipo palibe kanthu, aphunzitsi.
Ndilembe chiyani poti palibe?"

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pa ntchitoyi.
Yankho la m'buku ndimalidziwa pamtima,
koma lero landiumira kukhosi
ngati mpunga wa dzana.

Mwezi watha ndinapita kwawo
kukafunsa za kujomba kwake,
nyumba ya pamizati, bwato litamangidwa kunsi.
Bambo ake anayala mphasa, nandipatsa mbale yanga,
kenako anaika zina zinayi, eni nyumba ali atatu.
Amayi ali ku Taiwan chaka chachiwiri tsopano,
akusambitsa nkhalamba za anthu ena.
Kamlongo kake katasendera pamalo opanda munthuwo
bambo anangoti, pamenepo pali mwini.

Zimenezi sindinazitchule m'kalasi.
Za kunyumba kwa mwana si zoyala pa bolodi.
Ndangotulutsa mbale yanga ya nkhomaliro,
yopanda kanthu, yonunkhirabe nsomba,
n'kuiika pakati pa chimtolo ndi timitengo titatu.
Ndawerama, ndafunsa motsitsa:
kwanu madzulo mumaika mbale zingati?
"Zinayi."
Nanga mumadya angati?

Sanayankhe.
Wayang'ana mbale, wayang'ana sileti.
Wanyowetsa chala ndi malovu, wafufuta 3,
wamulembanso chakutali pang'ono,
ndipo pampata watsalawo
wazunguliza choko pang'onopang'ono, lilime lili panja.
Ziro wake wapendekeka ngati dzira la bakha.

"Makumi akabwera akhala pomwepa?"
Pomwepo, ndatero.
"Palibe wina atengepo?"
Palibe. Ziro akusunga.
"Abwera liti?"

Ng'oma yowerukira yalira pabwalo,
yandipulumutsa.
Mabenchi akokedwa, masileti alowa m'zikwama,
Phuc akuonetsa anzake khutu lake ngati mendulo.

Ndatsala ndekha ndikuwerenga katundu wa sukulu
monga ndichitira tsiku lililonse.
Mazana atatu alipo.
Timitengo tapatokha tilipo, kamodzi kothyoka.
Mitolo ndawerenga kawiri:
umodzi ukusowa.

Pa zenera ndikuona bwato likusiya gombe,
woyendetsa akukalipira ana kuti akhale pansi,
ndi Khoa kumapeto kwenikweni,
dzanja atagwira pa thumba la malaya
pomwe patupa.

Buku la katundu lili ndi danga la zosowa.
Cholembera ndachigwira nthawi yaitali.
Ndalembamo 0.